Khofi Amene a Mufleh Anamwa Asanauzidwe

Mu mzinda wonse wa Karak, munthu akafuna womulankhulira pa nkhani yovuta ankapita kwa a Mufleh. Mkuluyu anayamba ndi lole imodzi yobwereka, kunyamula matimati kupita nawo ku Baghdad, koma tsopano anali ndi bwalo lodzaza malole akeake, ndipo ku Istanbul, ku Jeddah ngakhale ku Khartoum anali atapondako. Tsono Odai, mwana wa mlongo wawo, atakonda Tuqa, mwana wa bambo a Nayef, panalibe wofunsa kuti akatsogolere ndani kokafunsira.

Nkhaniyo inali ndi minga. Bambo a Nayef, amene anakalambira mu ofesi ya boma ya zamadzi, analumbira pamaso pa abale awo kuti mwana wawo adzakwatiwa ndi wantchito wa boma basi. Odai anaidikira ntchitoyo mpaka boma linalengeza kuti ngongole zalifika m'khosi, lasiya kulemba anthu atsopano. Mnyamatayo anagula makwerero n'kuyamba kuika magetsi a dzuwa pamadenga a anthu. Panthawiyi n'kuti mayi wa msilikali wina atayamba kubwera pafupipafupi kudzacheza ndi amayi a Tuqa.

Lachisanu atatuluka mumzikiti, a Mufleh analowa m'chipinda cha alendo kwa bambo a Nayef ndi gulu la amuna, mikanjo yosita bwino. Nayef, mlongo wake wa Tuqa, anawathirira khofi m'kakapu. Iwo anakalandira n'kukaika pansi osalawa, monga amachitira aliyense wodzapempha kanthu. Kakapuko kanayenera kudikira mpaka mwini nyumba atanena kuti imwani, ndiye kuti wavomera.

"Tabwera kudzapempha mwana wanu Tuqa kuti akhale wa mwana wathu Odai," anatero a Mufleh.

"Mwalandiridwa. Mnyamatayu ndilibe naye chifukwa," anayankha bambo a Nayef. "Koma mawu anga mukuwadziwa. Boma likamulemba mudzabwere."

"Achimwene, boma lake liti? Lomwe lija lagulitsa magalimoto a mabwana? Likuchita kuzimitsa nyale za mumsewu kuti lipeze chobwezera eni ndalama."

"Boma ndi bambo. Limadwala koma silifa."

"Bambo akamathawa omutsata ngongole, mwana wanzeru amanyamula makwerero. Nayef wanuyu wadikira ntchito ya boma zaka zingati? Taonani, khofi yekha ndiye wafika pomudziwa kuthira."

Amuna angapo anaseka chobisa. Nayef anangoyang'ana ketulo yake.

"Wanuyo akadzagwa padenga, mwana wanga adzadya chiyani?" anafunsa bambo a Nayef. "Ine ndimagona, mwezi ukatha penshoni imandipeza."

Apa m'pomwe a Mufleh anatenthedwa. Anayamba kufotokoza za madoko amene anaona akugulitsidwa, za aphunzitsi a maiko ena amene anawapeza akuyendetsa matakisi, za mmene iwo anagonera pansi pa lole m'chipululu opanda wowalonjeza penshoni. Analankhula mpaka kukhosi kunauma. Dzanja linatsika lokha, linatola kakapu kaja, ndipo anagugudiza khofi yense.



A Mufleh anazindikira kakapu kali kale pamlomo. Munthu wodzapempha akamwa asanauzidwe, ndiye kuti wadziyankha yekha m'nyumba ya eni, kapena wataya pempho lake. Mawa Karak yense akanadziwa kuti mkulu wolankhulira anthu anaiwala mwambo umene ngakhale mwana amaudziwa, ndipo Odai sakanatha kubwereranso pakhomopo. Anayang'ana mnyamatayo. Anali atawerama, manja ake okhakhala ali pamaondo.

Bambo a Nayef anapukusa mikanda yawo yopempherera kwa kanthawi. Anayang'ana abale awo, aja anamva lumbiro lawo, kenako mlendo wawo amene thukuta linali litayamba kutsika m'masaya. Kunyozetsa mlendo pansi pa denga lako, anthu sakuiwala mpaka kumanda.

"Ndinati imwani khofi wanu kalekale," anatero mofatsa. "Koma inu munali mudakali ku Khartoum, simunamve."

Mkulu wina wa kwawo anati, "Inetu ndinamva." Enawo anagwedeza mitu mmodzimmodzi.

"Nayef, thirira alendo onse," anatero bambo ake. "Iwe Odai, mwana wanga asadzagone ndi njala."

Amuna anatambasula manja n'kuwerenga pemphero la Fatiha potsimikiza mgwirizano, ndipo kuseri kwa chitseko amayi anayamba nthungululu.

M'galimoto pobwerera, a Mufleh anakonza mpango wawo wakumutu n'kukhosomola.

"Waona, mwanawe? Zimenezi amachita ndi anthu oyenda. Ndinamwa dala."

"Inde, malume," anatero Odai, maso ali pamsewu. "Koma ukwati usanachitike, amene azikalankhula ndi akuchikazi akhale amayi anga."