Mapurezidenti Atatu pa Chinkhoswe cha Stélia

Deolinda anayamba ndi wailesi. Anaikulunga m'saka n'kukaikwirira m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Kenako anachotsa pakhoma kalendala yakale ya chipani, n'kuchenjeza ana kuti aliyense wotchula liwu loti boma tsiku limenelo agona ndi njala. Musamuseke mayiyu. Linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wake Stélia, ndipo ankhoswe awiri oti amange ukwatiwo anali anthu oti ukawakhazika pamphasa imodzi ngakhale nkhuku zimachoka pabwalo.

Woyamba anali mlongo wake wamkulu, Amadeu, tsibweni wa Stélia. Iyeyu nkhondo yonse anaipirira konkuno ku Malowera, ndipo kwa iye purezidenti anali mmodzi yekha, Samora. Enawo ankati anangobwereka mpando. Wachiwiri anali Januário wa ku Chiputo, tsibweni wa mnyamata Elídio. Uyu anathawira ku Zambia nkhondo itavuta, nakhala zaka zambiri kumsasa wa Ukwimi, n'kubwerako ndi Chinsenga pakamwa komanso chikondi chosatha pa Chissano, amene ankati ndiye anamutsegulira njira yobwerera kwawo.

Chaka chatha awiriwa anakumana pamsika, wina akugulitsa mbuzi, wina akuigula. Anakangana za mapurezidenti mpaka mbuzi inatafuna chingwe n'kubwerera yokha kukhola. Tsiku lomwelo Januário analumbira pamaso pa anthu kuti dzanja lake lidzafote akadzangokhudza chithunzi cha Samora. Malowera yense anamva, ndipo anthu a kuno za chonchi saiwala.

Tsono mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Mvula ikangokhazikika, msewu wa ku Chiputo umafa mpaka mwezi wa Abrili. Elídio anali atanena kuti zikakanika chaka chino apita ku Tete kukafuna ntchito, ndipo mnyamata akakaona magetsi a ku Tete, ndani angalumbire kuti adzabwerera? Stélia anaonda ndi nkhawa imeneyi, mayi wake naye ankaonda poona mwana.

“Achimwene, lero lokha,” anachonderera Deolinda m'mawa. “Kambani za mvula, za ng'ombe, ngakhale za nyamakazi yanu.”

“Kodi ine ndine mwana?” anafunsa Amadeu.

“Mukanakhala mwana bwenzi nditakutumani kuchitsime.”

Alendo anafika masana pa kamyau, lole yonyamula chimanga, woyendetsa atanenetsa kuti akangomva bingu iye anyamuka. Anabwera ndi tambala wamwambo, woti apereke kuchikazi posinthana ndi msoti, ndiponso nkhuku zina ziwiri za chindapusa. Malonje anayenda bwino. Amadeu anakamba za nyamakazi yake mpaka Deolinda anamva mtima kukhala pansi.

Kenako inakwana nthawi ya mwambo uja umene anthu amadzera pachinkhoswe. Atsikana amatuluka m'nyumba atafunditsidwa nsalu kuyambira kumutu, nkhoswe ya kuchimuna n'kuloza amene yadzera. Ikaphonya imalipa nkhuku. Deolinda anali atachapa makapulana atatu a maluwa n'kuwapereka kwa Delfina, mnzake woyandikana naye, kuti aveke atsikanawo. Chimene sanadziwe n'chakuti Delfina atayang'ana nsaluzo padzuwa anapeza kuti n'zopyapyala, nkhope zikuonekera. Mayi wothandiza uja anathamangira kwake, n'kukatulutsa m'sutikesi nsalu zake zokhuthala zimene ankasunga kuchokera kumisonkhano ya chipani.

Amayi anayambitsa nyimbo, chitseko chinatseguka, ndipo kunatuluka Samora. Pambuyo pake Chissano. Kumapeto Guebuza, akupunthwa pakhomo chifukwa mtsikana wam'katimo sankaona njira.

Mayo ine! Nyimbo inaduka pakati. Mapurezidenti atatu anakhala pamphasa mwaulemu, miyendo atatambasula, nkhope zawo zili ndee kuyang'ana ankhoswe. Deolinda anayang'ana kumapazi, n'kuona patapata wachikasu amene Elídio anagulira Stélia akusuzumira pansi pa nsalu ya Samora. Anafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo. Januário nayenso anali atamuona patapatayo.

Amadeu anamwetulira mpaka chibwano chinanjenjemera. “Asewere, chisankho ndi chimenecho. Votani.”

Januário anadzuka, nakonza jekete lake, n'kupita molunjika kwa Chissano. “Ine ndisankha munthu wofatsa. Munthu amene anakhala pansi ndi adani ake mfuti n'kutonthola. Nthawi yake itatha anachoka yekha pampando, osam'kankha.”

“Kufatsa kumeneko ndiye kunatipweteka,” anayankha Amadeu. “Mbusa akafatsitsa, mbuzi zimadya m'munda iye akuonerera. Akuba anayamba kuvala mataye nthawi imeneyo.”

Januário anavundukula nsalu. Munali Rebeca, mwana wa Delfina, akuseka mpaka misozi. Nkhuku yoyamba inawoloka bwalo, amayi akululuza.

Anasunthira kwa Guebuza, naima kaye akukanda m'mutu. “Uyu milatho anamanga, tisaname.”

“Anamanga,” anavomereza Amadeu. “Nanga msewu wa kwanu?”

“Sanaumve. Koma ngongole zija ankanena pawailesi, zimenezo ndiye zinafika mpaka ku Chiputo, sopo n'kukwera mtengo.”

“Apo mwanena zoona, asewere.”

Anthu anayang'anana modabwa, pakuti aka kanali koyamba kumva awiriwa akuvomerezana. Koma pansi pa Guebuza panatuluka kamtsikana ka kwaya ya kutchalitchi, ndipo nkhuku yachiwiri inatsatira inzake.

Panatsala Samora ndi patapata wachikasu. Kumpoto kunagunda bingu, ndipo kumsewu kamyau analiza hutala.

Januário anabwerera pampando wake n'kupinda manja. “Mtsikanayo avule yekha nsaluyo.”

“Mwambo sutero,” anatero Amadeu. “Mwini kudzera ndiye avundukula. Mukuopa chiyani? Nthawi ya munthu ameneyu ukaiwala khasu kumunda unkalipeza mawa lake pomwepo. Akalankhula, ngakhale mwana wakumsana ankaleka kulira.”

“Khasu unkalipeza, inde, nanga mchere?” Januário anadzukanso. “M'loja, m'sitolo muja, munali mashelefu okhaokha! Anatichotsa pamabwinja a makolo athu n'kutiunjika m'midzi ya pamodzi. Kukaona azakhali tsidya la mtsinje mpaka chikalata cha ulendo! Kaunda wa ku Zambia anali ndi mavuto akeake, ufa tinkaimira pamzere, koma anatipatsa malo olima ife obwera. Ine ndinalumbira, ndipo sindibweza malovu.”

“Ndiye nyamulani tambala wanu muzipita!”

Hutala inaliranso. Elídio, amene anakhala kumbuyo kwa anthu akwawo, anagwira kumutu. Deolinda anaona nsalu ya Samora ikunjenjemera, naganiza kuti mwana wake akulira m'katimo. Mantha onse anam'thera, m'malo mwake munalowa ukali. Mayi wa mkwatibwi salankhula pabwalo la ankhoswe, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anayenda chogwada mpaka pakati, n'kuomba m'manja katatu.

“Pepani eni bwalo, ndili ndi funso limodzi kwa achimwene angawa. Achimwene, ine ndinali kamtsikana, koma ndikukumbuka tikugona m'phiri, mvula ikutithera pathupi. Tsiku lija tinamva kuti nkhondo yatha, inu munagona kuti?”

Amadeu anayang'ana kumbali. “Zimenezo zikubwera bwanji pano?”

“Munagona kuti?”

“M'nyumba,” anayankha motsitsa.

“Munadzuka nthawi yanji?”

“Dzuwa lili pamutu.” Anapukusa mutu. “Amayi ankayesa ndafa. Tulo ngati timene tija sindinagonenso. Chabwino, wofatsa wanuyo tulo anatipatsa. Zimenezo sindingam'lande.”

Apo Berta, mayi wa Elídio, mlongo wake wa Januário, anasendera pafupi ndi Deolinda. “Nanunso achimwene,” anauza Januário, “auzeni anthu za pansi pa mtondo.”

“Iwe Berta, khala chete.”

“Ndinena ndine. Awa dzina lawo anaphunzira kulemba pansi pa mtondo, ndi chala pamchenga, nthawi ya Samora yomweyo, pamene ankati mwana wa mlimi nayenso alowe shikola akaphunzire. Ndipo amayi ankatiuza kuti tsiku limene ndege ija inagwa n'kupha Samora, awa anakana chakudya, n'kukalira kuseri kwa khola.”

Januário anayang'ana mlongo wake ngati amumeze, koma maso ake anali atanyowa.

“Ndinalira, inde,” anatero. “Munthu ungathe kum'kwiyira n'kumuliranso. Anali ngati bambo waukali, wokukwapula ndi dzanja lomwe wakupatsira cholembera.”

Anapita pamphasa paja, natambasula dzanja lamanja, n'kugwira nsaluyo pamphumi penipeni pa Samora. Anadikira. Kenako anakweza dzanjalo m'mwamba, akulitembenuza uku ndi uku kuti onse aone kuti silinafote. Anthu anafa nacho chiseko, Amadeu mpaka kutsokomola. Ndiye anavundukula.

Munali Sónia, msuweni wa Stélia, atavala patapata wachikasu, akunjenjemera ndi chiseko chimene anachigwira nthawi yonseyi.

Deolinda anangoti kukamwa yasa. Januário anayang'ana mtsikanayo, nayang'ana tambala, amene tsopano anayenera kupita ngati chindapusa, kusiya mwambo wopanda chomalizira. Nthawi yomweyo chitseko chinalira. Stélia anatuluka wopanda nsapato, atavala kapulana wobiriwira wa zithunzi za chimanga amene Elídio anam'patsa pomufunsira, nagwada pakhonde maso ali pansi.

“Pepani atsibweni,” anatero. “Nditaona nsalu zija ndinaopa kulowamo. Ine ndinasankhidwa kale.”

Nthungululu zimene zinalira pamenepo anazimva ndi a kumsika. Amadeu anapukuta misozi ya chiseko, nakweza dzanja.

“Asewere, chisankho ichi tabera ndife. Tambalayo si wa chindapusa ayi. Bwerani naye mwamwambo, mulandire msoti wanu.”

Anasinthana nkhukuzo, nagwirana chanza, n'kulangiza anawo mawu ochepa, chifukwa madontho oyamba anali atayamba kugwa. Ukwati unamangidwa. Deolinda anakumbatira Berta, n'kukhala pansi pomwepo ndi chimwemwe, mvula ikumunyowetsa.

Kamyau anali atapita kalekale. Alendo anayenera kugona, ndipo mvula inabwera ndi kamphepo kozizira. Madzulo Deolinda anapeza ankhoswe awiri aja pakhonde la Amadeu, atayambiranso. Tsopano ankakangana zoti Kaunda ankalira zenizeni kapena ankangokonda kampango kake koyera. Sanawaletse. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu ziwiri za Delfina. Ya Chissano anaponyera mlongo wake. Inayo anaipereka kwa mlendo, atagwada.

Januário anaifunyulula, nakumana maso ndi Samora.

“Ndiyo yokhuthala kuposa zonse, asewere,” anatero Deolinda.

Mkuluyo anaipapasa ndi zala, nang'ung'udza kena kake m'Chinsenga, n'kuifunda mpaka m'khosi.