Mawu Amene Anafufutika ku Chitawira

Linda ankakonza makompyuta ku Limbe. Tsiku lina a Nirmala anamuitanira kusukulu yawo yophunzitsa makompyuta ku Chitawira. Kunali kutabwera makompyuta akale odzaza kalasi, onse ofunika kuikidwa pulogalamu yowayendetsa. Koma intaneti inali yodontheza, yapabandulo ya foni.

Linda anakopera kamodzi kokha pulogalamu yopepuka, n'kuiika mu kompyuta imodzi kuti izigawira zinzake kudzera m'mawaya. Anaikonza moti kompyuta iliyonse ikangoyaka, isafunse munthu kanthu, ingofufuta zakale n'kuika zatsopano.

Masana magetsi anathima. Atabwera, makompyuta onse anayaka pamodzi n'kuyamba okha ntchitoyo. Linda anamwetulira, nayamba kulongedza zida zake.

"Achemwali, nanga yangayi ikutani?"

Anali a Pearson, mphunzitsi wa pasukulupo, ataima pakhomo la ofesi. Linda anathamangira komweko mtima uli m'mwamba. Waya wa kompyuta yawo unkalowa m'kabokosi komwe kankalumikiza makompyuta a m'kalasi aja. Anazula pulagi msangamsanga, koma madzi anali atatayika kale.

"Munali chiyani umu, aphunzitsi?"

"Mawu a malemu bambo anga," anatero motsitsa. "Ndinkawajambula akusimba momwe anayendera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndi za abale amene anatsala kwawoko ku Milanje. Ndimati ana anga adzamve okha."

"Simunasunge penanso?"

"Foni yomwe ndinajambulira anandibera m'minibasi pa Chichiri."

A Pearson sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri Linda. A Nirmala atafunsa ngati mawuwo angabwerere, iye anangoti, "Ndiyesa, mayi, koma sindikulonjeza."

Anachotsa hadi disiki, yomwe imasunga zonse za mu kompyuta, n'kupita nayo kwawo ku Naperi. Analimbana nayo masiku angapo, chakudya osachimva kukoma. Zimene anapulumutsa zinali zidutswa chabe: chifuwa cha munthu wokalamba, kuseka, kanyimbo ka Chilomwe kodukaduka, ndi chiganizo chimodzi chothera panjira.

Anakawapatsa a Pearson atangoweruka. Iwo anakhala pampando wa ophunzira n'kumvetsera atatsinzina, kubwerezabwereza chiganizo chija.

"Apa ankati atchule dzina la mlongo wawo, yemwe anamusiya tsidya la mtsinje," anatero.

"Dzina lake anali ndani?" Linda anafunsa.

A Pearson anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayang'ana kudenga kwa nthawi yaitali.

"Ndinkalidziwa," anatero. "Ndinkalidziwa ndithu."