Kumeta Phungu

Tsiku limene aphungu atsopano a chigawo chathu anatsegulira zokambirana zawo, aphunzitsi anali atazinga kale nyumba ya malamulo mbali zonse. Nkhani yoyamba patebulo inali yotseka sukulu zing'onozing'ono za kumapiri, ati ana azikaphunzira kutauni. Ati! Ndani mwa anthu amataye aja anayendapo msewu wa kumudzi wa San Melchor nyengo ya mvula? Casilda Zárate anaphunzitsa kumeneko zaka zambiri, yekha, m'chipinda chimodzi, ndipo ankadziwa bwino kuti sukuluyo ikatsekedwa anawo sapita kutauni kulikonse. Apita kukathyola khofi.

Nzeru ya aphunzitsi inali yachidule: aphungu akapanda kukwana m'katimo, palibe kuvota. Choncho chipata chilichonse anachipatsa gulu lake. Casilda anaikidwa cha kumbuyo, kotulutsira zinyalala, pamodzi ndi Leobardo, mphunzitsi wamasewera wamtima wapachala, amene anabwera ndi paipi yachitsulo.

Dzuwa litakwera apolisi anayamba zawo. Utsi wokhetsa misozi unagwera pakati pa amayi ogulitsa tamale, chakudya cha chimanga chokulunga m'masamba, miphika n'kugubuduzika. Casilda anaona mnzake wina akugwa chagada, ndodo itamupeza pamphumi, magazi ali chuchuchu pamalaya oyera. Aphunzitsi anabwezera ndi miyala yozula mumsewu, ena n'kuyatsa matayala. Maso a Casilda ankawawa ngati wapakamo tsabola, koma pachipata sanasunthe.

M'chipwirikiticho munatulukira ambulansi, ikulira, ikulunjika chipata chawo.

"Iimitseni!" anakuwa Leobardo. "Wodwala wanji wopita kunyumba ya malamulo?"

Paipi inaphwanya galasi lakutsogolo. Dalaivala anamukokera kunja ndi kolala, n'kumupondaponda mpaka anasiya kudziteteza. Atatsegula kumbuyo anapeza munthu atagona pamachira, atafunda bulangete mpaka kumutu. Leobardo anavundukula. Anali mayi wovala suti yabuluu ndi nsapato za gogoda, baji ya uphungu ili pachifuwa.

Casilda anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali Herlinda, mkazi wa mchimwene wake, mphunzitsi wakale amene aphunzitsi omwewa anamuvotera. Chilowereni chipani cha bwanamkubwa, Herlinda sankayankhanso foni ya munthu wa kumapiri.

"Alamu!" Herlinda anamugwira dzanja. "Alamu, auzeni andisiye ndilowe. Aphungu enawo anagona m'katimo, akwana kale, akuvota pompano. Ine ndikukakana lamulolo, ndikulumbira pa ana anga!"

"Mukukakana mutafunda bulangete, bwana?" anatero Leobardo. Anthu anaseka, kuseka koipa.

"Nanga ndikanabwera wapansi mukanandilola? Casilda, ukundidziwa iwe!"

Ankamudziwadi. Ankadziwa Herlinda amene ankadya naye nyemba m'mbale imodzi, ankadziwanso Herlinda amene pamaliro a apongozi ake, kholo lomubala Casilda, sanatsike n'komwe m'galimoto ya magalasi akuda. Casilda anachotsa dzanja lake mwaukali.

Kwathu kuno wogulitsa anzake sitimupha ayi. Timamuvula nsapato, kumukhazika pampando pakati pamsewu, n'kumumeta anthu akuona. Mpando unapezeka. Sizasi inachokera m'chikwama cha mphunzitsi wa ana aang'ono, ija yodulira mapepala, yobuntha. Ndipo poti Casilda anali wachibale, anaipereka kwa iyeyo kuti aonetse mbali imene ali.

"Alamu, chonde," anatero Herlinda. "Mudzandimete mawa, mudzandimete mpala, koma panopa ndilowe."

"Khalani chete, alamu. Mwalankhula mokwanira pawailesi."

Sizasi yobuntha sidula, imazula. Casilda anakulunga tsitsi kudzanja n'kukoka, Herlinda n'kukuwa. Amuna awiri anamupana m'mapewa. Pena sizasi inkaluma khungu, magazi n'kutsikira kukhutu mpaka pakolala. Wina anamulavulira kumaso, wina anamuthira madzi a m'ngalande. Casilda sanaleke, ndipo ndisabise, ankamva kukoma. Herlinda anasiya kuchonderera, anangoti maso dwii pachipata.

Atatsala pang'ono kumaliza, Leobardo anakweza foni yake m'mwamba. "Tamverani! Tamverani inu!"

Munali mawu a sipikala, ochokera m'katimo, odekha ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Lamulo lotseka sukulu za kumapiri ladutsa, anatero, ndi voti imodzi yokha. Phungu mmodzi sanabwere.



"Mavoti akanafanana likanagwa," anatero Herlinda, mawu atasasa. Sanayang'ane aliyense. "Ndinawalonjeza aphungu otsutsa boma kuti ndifika."

"Bodza!" anatero Leobardo, koma anayang'ana kumbali.

Casilda anayang'ana m'manja mwake. Tsitsi linali litamatirira kuzala ndi magazi. Mantha anamugwira, mantha enieni, oposa a ndodo za apolisi. Mpaka lero sadziwa ngati mlamu wake akanakwezadi dzanja kukana. Chimene ankadziwa n'chakuti ayenera kukwera phiri kukauza makolo a ku San Melchor kuti sukulu yatha, ndipo iwo akamufunsa kuti nanga iye anali kuti.

Amuna aja anachotsa manja pamapewa a Herlinda, koma iye sanadzuke.

"Malizitsani, alamu," anatero. "Mbali iyi mwasiya."