Achimwene, Mwachulukana

Anthu asanu ndi awiri ankalimbirana kuimira chipani pa chisankho cha pulezidenti, ndipo mmodzi mwa iwo anali dokotala wopuma pantchito, mlongo wake wa mayi telala wa pafupi ndi msika.

Tsiku lina magetsi atazima, makina onse ali zii, telalayo anafunsa osoka ake asanu ndi awiri yemwe adzamuvotere pa chisankho chachipulula. Asanu anati atopa naye mmodzi mwa opikisanawo, mkulu wolemera yemwe anthu ankamutcha Malonjezo, koma aliyense anatchula munthu wakewake. Awiri otsalawo anali a Malonjezo.

"Ndiye kuti awiriwa atigonjetsa asanufe?" anatero wosoka mabatani, onse n'kufa nacho chiseko.

Telala sanaseke. Anavula tepi m'khosi n'kulunjika ku ofesi ya mlongo wake. Anamupeza akuyeserera zokalankhula patsogolo pa galasi, zithunzi zake zili mbwee pamipando moti panalibe pokhala.

"Achimwene, mwachulukana," anatero ali chiimire. "Inu, mayi mphunzitsi mukupikisana naye uja ndi ena atatu mukunena zofanana, ndipo mukuphwanyirana mavoti. Malonjezo angodutsa pakati panu akuimba mluzu."

"Mwatumidwa ndi ndani, achemwali?"

"Palibe. Koma tandiuzani, mukufuna mankhwala m'zipatala, kapena nkhope yanu pakhoma?"

Dokotala anamasula tayi. Telala anatuluka mwachangu, poti chibadwire anali asanamulankhulepo choncho.

Sabata yonse foni yake sinalire. Ankasoka mokhota n'kumasomolanso, mumtima akuti wataya m'bale chifukwa cha ndale. Lolemba lotsatira wailesi ya m'shopu inalengeza kuti dokotala ndi anzake awiri asiya mpikisano ndipo aima pambuyo pa mphunzitsi uja. Wachinayi anakana kwamtuwagalu. Komabe mavoti atawerengedwa, mphunzitsi anaposa Malonjezo, ngakhale kuti kunali mwapang'ono zedi.

M'mawa mwake dokotala anatulukira m'shopumo atanyamula jekete long'ambika paphewa. Anati anthu anamukoka pomunyamula m'mwamba pa chisangalalo.

"Mundisokere," anatero akuyang'ana kumbali. "Koma musayambe zoti munanena."

"Ine? Ndangoti pakamwa tseke," anayankha telala akulowetsa ulusi m'singano. "Khalani pansi, tiyi akubwera."