A Hutala Atatsika pa Makina

Makina osefa magazi anali atangozima pamene namwino anabweranso ndi mafunso ake. A Hutala, dalaivala wa minibasi yonyamula ana a sukulu, anali atatsamira pampando, nkhope ili mbuu, thonje lili pamkono. Impso zawo zinasiya ntchito chaka chatha.

"Bambo, tibwereze mayeso a m'mawa aja. Sungani mawu awa: mpando, duwa, njinga."

"Mwanawe, ine ndadzera impso. Mutu walowapo bwanji?"

"Magazi omwewa amadutsanso ku ubongo. Tikuyeza ngati pamakhala kusintha, ngakhale pang'ono, munthu akachoka pa makina."

M'mawa, asanawalumikize, a Hutala anayankha zonse ngati akumwa madzi. Tsopano atauzidwa kuti atchule miyezi chobwerera m'mbuyo, anakakamira pa Okutobala. Namwino anadikira, kenako anafunsa mawu aja.

"Mpando," anatero. Anayang'ana kudenga. "Enawo atsalira m'mapaipi anuwa, kafufuzenimo."

Odwala a pambali anaseka motopa. Akazi a Hutala, omwe anakhala chikhalire pabenchi chim'mawire, sanaseke.

"Anamwino, sabata yatha titachoka kuno anapitirira pakhomo pa mwana wina. Mwana kulira, iwo kumangopita. Nditawafunsa anati sakudziwa kumene amalowera."

"Mayi, za kunyumba sitiyanika pagulu," anatero a Hutala.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo. Ana aja ali ndi eni ake. Inenso ndatopa nako kugwira mtima m'manja."

Namwino analankhula motsitsa mawu. "Si misala ayi. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo mwina mawa mudzuka bwinobwino. Ndiwauza adokotala. Koma masiku a makina, chiwongolero chisiyeni."

Panja dzuwa linali litapendeka, nthawi yoweruka ana itayandikira. A Hutala anaima pambali pa minibasi nthawi yaitali, makiyi ali m'manja.

"Aimbireni alamu anu," anauza akazi awo pomaliza. "Muwauze kuti giya yachiwiri imavuta."

Mng'ono wawo atafika, iwo anakwera kumbuyo n'kutsamiritsa mutu pawindo. Pa geti la sukulu ana analowa mopanikizana. Kamtsikana kena kanawayang'ana modabwa.

"A Hutala, mwalakwa chiyani kuti akukhazikeni kuno?"

Anasuntha pang'ono, nakapatsa malo.