Masheya a Kumbuyo kwa Basi

"Yakuda, nambala ya boma. Maola atatu ili pageti."

"Mwaiona ndinu?"

"Aiona ndi alamu anga. Inu, musakweze mawu."

Wonong'onayo anali a Nasoni, kalaliki wamkulu, m'basi yonyamula ogwira ntchito ku Capital Hill. Geti limene ankanena linali la Che Abdulaziz a ku Old Town, amene ankatuta njerwa pa malole kupita ku Area 10, kumene mabwana ankamangitsa nyumba. Chaka chathacho mkuluyo anagawa bizinesi yake m'masheya, makalaliki nagula. Msika wa masheyawo unali mipando itatu yakumbuyo kwa basi.

Nebert anali nawo makumi anayi. Anagula ndi ndalama za malata a nyumba yawo ya ku Area 25, imene inangoima zipupa zokha, mvula ili pafupi. Mkazi wake Marcelina, wotaipa makalata, analola chifukwa mwamunayo anali ndi digiri ya zachuma ya ku Zomba.

Basi isanafike pa City Centre, sheya ya makwacha khumi inali itatsika kufika pa asanu ndi imodzi. Masiku amenewo galimoto yakuda ikaima pakhomo pa munthu, anzake ankayamba kuiwala dzina lake tsiku lomwelo.

"Bambo, ku Old Town si ku Joni," anatero Marcelina potsika. "Pitani mukawafunse eni ake."

"Ndikaonedwe pageti limenelo, ine? Komanso mtengo sunama, mayi. Zonse zimene anthu akudziwa zili kale mumtengomo. Tinaphunzira zimenezi."

"Anthu ake ati? Alamu a a Nasoni?"

Kwa Nebert nkhani inali yapafupi: makalaliki makumi awiri sangachite mantha onse popanda chifukwa. Sanaganize kuti aliyense mwa makumi awiriwo akuwerengeranso anzakewo, iye ali momwemo. Lachitatu anagulitsa masheya ake onse pa makwacha anayi. Wogula anali Rahima, mlongo wa Che Abdulaziz wogulitsa nsalu mumsika, amene anatumiza mawu aulemu kuti aliyense wotopa nawo masheya amubweretsere.

Lachisanu nkhani inamveka. Galimoto ija inangotentha injini pamsewu. Makaniko wa malole anaikonza, bwana wa galimotoyo akumwa tiyi pakhonde.

"Tiyi!" anatero a Nasoni, tsopano mokweza. "Maola atatu! Munthu wamkulu samwa tiyi wachabe, anzanga. Ndi kontrakiti imeneyo."

Lolemba sheya inali pa makwacha khumi ndi awiri, Lachiwiri khumi ndi asanu. Amene anaiwala dzina la Che Abdulaziz anakumbukira kuti ndi mnzawo wakalekale. Nebert anaona mtengo ukuthamanga, mtima nuyamba kumuwawa, ndipo digiri inamuuzanso kuti mtengo sunama. Anapita kwa Rahima masana, nagula pa makwacha khumi ndi asanu ndi imodzi. Ndalama za masheya makumi anayi zinamubweretsera khumi. Rahima anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, namufunsa za kunyumba.

M'mawa mwake anafotokozera mkazi wake m'basi, motsitsa mawu, kuti mtengo ukafika makumi awiri adzafolera khitchini ndi chipinda chimodzi. Marcelina anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatembenukira kumipando yakumbuyo, kumene a Nasoni ankatchula mtengo watsopano, nafunsa mokweza mpaka dalaivala anayang'ana pagalasi:

"Pepani abambo nonsenu, malolewo alipo angati?"