Zitseko Ziwiri, Nkhope Imodzi

Chiyambire mwana wawo wamkulu kutchuka kunja ndi zojambulajambula zake, Amake Wojambula sankakhulupiriranso mlendo aliyense wa nsapato zoyera. Anabwera ena kudzafuna makope ake a kusukulu. Wina anapempha ndowa yomwe ankasungunuliramo penti. Onsewo ankawabwezera pageti.

Koma mayi amene anatsika galimoto m'mawa umenewo sanapemphe kanthu. Anangoima pabwalo, maso ali pachitseko, ngati waona mzukwa.

Chitsekocho chinali cha matabwa, chakalekale. Mwana wamkuluyo ali mnyamata anajambulapo nkhope ya bambo ake, chipewa chili chopendekeka, diso limodzi lotsinzina monga ankachitira akamanama. Bambowo atamwalira, nkhope yawo inatsala pompo, n'kumalandira alendo.

"Mwabwera kudzaona ine kapena matabwa?" anafunsa Amake Wojambula.

"Pepani amayi," anatero mlendoyo. "Ine ndili ndi nyumba yogulitsiramo zojambula m'tauni. Ndine ndinatumiza chitseko chanu kunja."

"Chitseko changa chiti?"

Mayiyo anatulutsa foni. Pachithunzipo panali chipinda choyera mbee, chopanda ndi mpando womwe, azungu ataimirira ndi matambula m'manja. Pakhoma panapachikidwa chitseko. Chipewa chomwecho, diso lomwelo.

"Ogulawo akufuna chithunzi cha khomo pomwe chinachoka, inuyo mutaima pamenepo. Kumeneko sagula chinthu chopanda mbiri yake. Ndimayembekeza kupeza chitseko chachitsulo." Mayiyo anatsitsa foni. "Anandigulitsa ndi mwana wanu wamng'ono. Anati mwavomera."

Mzime, mwana wamng'onoyo, amene ankatsuka njinga yake yamoto kuseri, anali atasiya kuimba mluzu.

Amake Wojambula anakumbukira msanga. Chaka chatha atagonekedwa kuchipatala chifukwa cha ng'ala, Mzime anazula chitsekocho, ati akakonzetse mahinji kwa kalipentala. Iwo potuluka anachipeza chili m'malo mwake, koma chosalira. Kale chinkalira kuti kwii munthu akangochikhudza. Anadabwa, koma diso linali lomata, ndiye anazisiya.

"Iwe Mzime! Tabwera kuno."

Anabwera akupukuta manja pathalauza, maso ali kunsapato za mlendo.

"Bambo ako alipo angati?"

"Amayi, nkhani imeneyi tikambirane m'nyumba."

"M'nyumba tilowera pati? Pachitseko cha ndani?"

Mlendoyo analowererapo. "Amayi, chimodzi mwa ziwirizi n'chabodza. Ngati chabodzacho ndi chomwe ndinatumiza, ine ndatha. Adzati zojambula zonse za kuno n'zachinyengo, ndipo sadzagulanso kwa aliyense. Ndiye ndisanathe ineyo, ndiyamba ndapita kupolisi. Inu ndi amene mungadziwe."

Amake Wojambula anayang'ana mwana wawo. Kuyambira ali wamng'ono ankatha kukopera chilichonse cha mkulu wake, ndi siginecha yomwe. Anthu ankati luso lili mwa wamkulu, wamng'onoyu ndi manja chabe. Kodi manja amenewo anagulitsa bambo ake enieni, n'kuwasiyira amayi ake chidole?

Anapita pachitseko ngati akufuna kuyedzamira. Anatsitsa dzanja m'mphepete, kumbali ya mahinji, pansi pa chiuno. Tsiku la maliro, onyamula bokosi anakhota moipa, ngodya ya bokosilo n'kugunda pamenepo. Panatsala kadzenje kokwana chala chachikulu. Sanauzepo munthu, koma ankakakhudza nthawi zina potuluka, mpaka pomwe chitsekocho chinasiya kulira. Chiyambire pamenepo ankaopa kufufuza.

Chala chinalowa.

Bambo anali pakhomo pawo. Azungu aja ankamwera vinyo wawo pamaso pa ntchito ya Mzime.

Mtima unakhala pansi, kenaka unanyamukanso, chifukwa mlendo uja anali akudikira ndi foni m'manja.

"Chanucho ndiye chenicheni," anatero, osaphethira. "Ichi anandipentera uyu kuti ndisamalire. Taonani mphunoyo, ngati mbatata. Malemu anali ndi mphuno yabwino."

"Mukunena zoona, amayi?"

"Ndinagona naye zaka zonsezo, ndingasokoneze mphuno yake?"

Mayiyo anayang'ana mphuno ya pafoni, n'kuyang'ana ya pachitseko. Zinali zofanana. Anayang'ananso Mzime kwa nthawi yaitali.

"Chabwino. Koma chokoperachi chisaonekenso panja. Wina akachijambula n'kuchiika pa intaneti, adzatumiza akatswiri awo kudzapala penti. Ndibwera Lachisanu kudzajambula khomo."

Galimoto itachoka, Mzime anayamba: "Amayi, ine sindikanagulitsa chenichenicho, ndinangoti…"

"Khala chete. Katenge sikuludiraiva."

Mzime anazula mahinji, mayi akugwirizira chitseko. Anachinyamula awiriwiri kudutsa pabalaza, n'kuchilowetsa pansi pa bedi, nkhope itayang'ana kumwamba. Sichinakwane bwino, mbali ya chipewa inatsalira kunja, ndipo anaiphimba ndi chikwama.

Madzulo ake Mzime anabwera ndi chitseko chachitsulo, chotuwa. Amake Wojambula sanafunse komwe wachitenga. Anachitseka, anachitsegula, kenaka anatambasula dzanja.

"Makiyi onse. Ndi ya kuchipinda kwanga yomwe uli nayo ija."